Chikwangwani Chimene Sichinandigwere

1

Ndinabwera kwathu nditaloweza mawu opepesa. Ndinawakonza m'ndege, ndinawasula m'basi, pofika pageti la nyumba ya malemu mayi anga anali atasalala ngati a m'buku. Munthu amene wakhala kunja zaka zoposa makumi awiri, osalemba kalata, osaimba foni, osabwera ngakhale pamaliro a mayi ake, sagogoda pakhomo chimanjamanja.

Msewu wathu ndinachita kuufunsa. Mtengo waukulu wa pamphambano anaudula, pamalo pake pali kashopu ka zikwama za mafoni. Holo ya kanema, momwe m'badwo wathu unaphunzirira kugwirana manja mumdima, masiku ano amagulitsamo matilesi. Anthu amalowabe awiriawiri, koma amatuluka akukangana za kukula kwa bedi.

Anatsegula geti ndi mlongo wanga wamkulu. Beseni la zovala limene ananyamula linagwa pansi. Ndisanatsegule pakamwa, anandigwira masaya onse awiri n'kuyamba kulankhula mokweza, mawu amodziamodzi, ngati akulankhula ndi gonthi.

"Ine ndine mchemwali wako. Wamva? Usaope. Pano ndi kwanu."

"Achemwali, ndikudziwa, ine..."

"Akudziwa! Bambo a m'nyumba, thamangani! Wakumbuka njira yekha!"

Mlamu wanga anatuluka atavala silipasi imodzi. Anandikhazika pampando wa mayi, anandipatsa tiyi, ndipo ndi pamenepo pomwe ndinamva mbiri ya moyo wanga.

"Chaka chachiwiri uli kunjako," anatero mlongo wanga akupukuta misozi, "chikwangwani cha sitolo ya mankhwala chinakugwera pamutu. Podzuka kuchipatala sunkadziwa ngakhale dzina lako. Anatiuza ndi mayi. Anatisiya akupempherera mutu wakowu." Anayamba kupapasa dazi langa. "Nanga chipsera chili pati?"

"Madokotala a kunja amasoka osasiya chizindikiro," anayankha mlamu. "Zili ngati za m'filimu, eti alamu?" Diso lake lamanzere linanditsinzinira.

Owerenga, palibe chimene chinandigwera. Ndinapita kunja kukaphunzira, anzanga atandipatsiratu dzina loti Pulofesa, ndipo ndinalephera mayeso. Ndinati ndilemba kalata ndikakhoza. Sindinakhoze. Mwezi wa manyazi unabala chaka, chaka chinabala anzake. Ndinapeza ntchito yosanja mabuku m'laibulale ina, momwe ndinawerenga chilichonse kupatula zimene zikanandithandiza.

Nkhani ya chikwangwaniyo ndinaidziwa pomwepo. Inali ya m'filimu ina yoseketsa ya chikondi imene inaonetsedwa m'holo ya matilesi ija ndisanachoke. Koma filimuyo tauni yonse inaionera, ndipo mlamu wanga ndi munthu woti kanema akazima amadwala. Ndinati m'mtima, ndi ameneyu wanditchinjiriza, mwamuna mnzanga. Ndinamutsinzinira nanenso.

Kenako ndinameza mawu anga opepesa limodzi ndi tiyi uja.

"Ndimakumbuka pang'onopang'ono," ndinatero. "Ngati utsi."

2

Musanandiweruze, yesani kaye kukhala munthu woiwala kwa sabata imodzi. Ndi moyo wokoma zedi. Palibe amakufunsa digiri. Palibe amakufunsa za mkazi, za ana, za nyumba imene anzako anamanga iwe ukusanja mabuku. Azakhali amene ndinkawaopa kuyambira ndili mwana anabwera, anandisisita mutu, n'kundiuza kuti ndinali mwana wawo wapamtima. Mlongo wanga ankandilondolera chilichonse. "Iyi ndi bafa. Mpope uwu ndi wa madzi otentha, usapse." Nyumba yoti ndinabadwiramo.

Ndinkafunsa za aliyense mochenjera, ngati ndikutola nkhani m'mphepo. Za munthu mmodzi yekha sindinafunse. Munthu woiwala safunsa za mtsikana amene anamusiya pamalo okwerera basi atamulonjeza kuti abwera mvula isanagwe kawiri.

Dzina lake ndilibisa. Ine ndinkamutcha Tsabola, ndipo amene anakanganapo naye sankafunsa chifukwa.

Tsiku lina m'mawa mlongo wanga anandilanda buku m'manja.

"Iwe, kuno kulibe sitima zako zija. Mwamuna wamkulu ngati iwe sungamayende wapansi ngati wogulitsa matsache. Uphunzire galimoto. Ndakulembetsa kale."

"Kwa yani?"

"Kwa mayi wina amene ankakudziwa kalekale." Anayang'anizana ndi mlamu. "Mwina ukamuona, mutu utseguka."

Diso la mlamu linatsinzina.

3

Kagalimoto koyera, kokhala ndi chikwangwani cha ophunzira padenga, kanaima pageti. Anatsitsa galasi la zenera ndi Tsabola. Tsitsi linali litayamba imvi m'mbali, magalasi a maso atapachikidwa pachingwe m'khosi, koma kakamwa kaja kanali komweko, kopindikira kumanzere ngati kakusunga chipongwe cha mawa. Ndinamva kale kwa azakhali kuti anakwatiwapo, banja linatha, mwana wake wamkazi ndi namwino.

"Ndinu bambo oiwala aja?"

"Ndine."

"Lowani uko. Mangani lamba. Ichi ndi chiwongolero, kapena chimenechonso mukuchikumbuka ngati utsi?"

Anandionetsa giya, kilatchi ndi magalasi oonera kumbuyo. Kenako analoza pansi, kumapazi ake.

"Kuno ndili ndi buleki yangayanga. Mukayamba misala ndimaponda ine. Ophunzira anga amanditcha Mayi Buleki, inunso muzitero."

Tinayenda ngati kamba m'bwalo la mpira la sukulu ina. Nditazimitsa galimoto kachitatu ndinalimba mtima.

"Akuti tinkadziwana?"

"Pang'ono. Munkandinyamulira chikwama pochokera kusukulu. Munkandifuna, koma ine ayi. Makutu."

"Makutu?"

"Anali aakulu kuposa apa. Mutu wachita kuwapeza m'njira. Lowetsani giya yoyamba."

Makutu amene ankawatcha okongola! Ndinaluma lilime.

Phunziro lililonse linkabwera ndi mbiri yatsopano. Akuti dzina la Pulofesa anandipatsa chifukwa ndinabwereza kalasi. Akuti ndinkaopa nkhuku, moti tambala wa oyandikana nawo anandikweza padenga la chimbudzi. Akuti ndakatulo zimene ndinkamulembera zinali zothandiza kwambiri, chifukwa pepala lake linkapukuta bwino mawindo.

"Zinali zoipa chotero?" ndinafunsa.

"Munkayerekeza maso anga ndi nyali za basi. Onani kutsogolo, bambo, uko kuli ngalande."

Nyali za basi! Ndinalemba kuti nyenyezi ziwiri zimene zasochera masana. Mzere umenewo ndinauvutikira sabata yathunthu. Ine munthu woti m'laibulale ndinkadzuka pampando kukakonza mlendo amene watchula molakwa dzina la wolemba buku, ndinakhala chete ngati thumba la simenti, ndikumva mbiri yanga ikuphedwa pang'onopang'ono pa liwiro la giya yachiwiri.

4

Choipa n'chakuti ndinayamba kuwerengera masiku a phunziro. Ndinkasita malaya. Ndinagula mafuta onunkhira, mlongo wanga n'kumati, "Taonani, wakumbuka kusamba."

Tsabola ankaphunzitsa ndi dzanja limodzi lili pafupi ndi chiwongolero, osachigwira. Wophunzira akalakwitsa sankakalipa, ankangoti, "Tabwerezani, ndione ngati munachita dala." M'misewu imene ine ndinkangoona zimene zinagwetsedwa, iye ankadziwa dzenje lililonse ndi galu aliyense wokonda kudumphira matayala. Ndikayamba kudandaula kuti tauni yaonongeka, ankandidula.

"Mukudziwa bwanji kuti yaonongeka? Si munaiwala?"

Tsiku lina titaima pamalo othira mafuta ndinayesa mwayi.

"Mayi Buleki, tikamaliza, bwanji tikamwe tiyi penapake?"

Anavala magalasi ake, anandiyang'ana kuyambira kudazi mpaka kunsapato.

"Sindimwa tiyi ndi anthu osandidziwa. Inu mwandidziwa liti? Mwezi watha?" Anavula magalasi. "Ndinali ndi wanga kalelo. Anapita kunja ngati inu nomwe. Ameneyo akadzabwera ndidzamwa naye tiyi, chifukwa ndili naye mawu. Inu ndinu wophunzira. Lizani injini."

Ndiye mwaona msampha umene ndinadzitchera. Bambo woiwala anali ndi mlongo, azakhali, mpando wa mayi ndi chifundo cha msewu wonse, koma Tsabola analibe. Woti akhoza kumwa tiyi ndi Tsabola anali winayo, wokumbuka, amene anasiya mayi ake ndi bwenzi lake dala, maso ali gwa. Kuti ndimupeze mkaziyu ndinayenera kuukitsa chitsiru chimene banja lonse linali litachiika m'manda mwaulemu.

Ndinasankha kudikira. Kudikira ndi ntchito yokhayo imene ndinaidziwa bwino.

5

Loweruka lina mlongo wanga anati tipite kumanda a mayi, ndikaone pamene anagona. Tsabola anati ulendowo ukhale phunziro, popeza njira yake ili ndi chitunda ndipo ndinali ndisanaphunzire kunyamuka pokwera. Mlongo wanga ndi mlamu anakhala kumbuyo, maluwa ali pamiyendo.

Pakati pa chitundacho pali maloboti. Anayaka ofiira. Ndinaima, kumbuyo kwathu kukubwera lole ya njerwa.

"Kokani buleki ya pamanja," anatero Tsabola. "Akayaka obiriwira muzitulutsa kilatchi pang'onopang'ono mpaka galimoto inthunthumire. Musaganize china chilichonse."

Atatero anatembenukira kumbuyo, ngati tili pakhonde.

"Achemwali, tadutsa pa matilesi paja, ndakumbuka filimu ina imene ndinaonera mmenemo. Ya wogulitsa mankhwala uja. Chikwangwani cha sitolo yake yomwe chinamugwera, n'kuiwala bwenzi lake. Ndiye mtsikanayo tsiku lililonse ankabwera kudzagula mankhwala a chifuwa, chifuwa alibe, mpaka kunyumba kwake mabotolo anadzaza ndi m'bafa momwe."

"Ine mafilimu ndimagona," anatero mlongo wanga. "Koma zikufanana ndi za mwanayu, eti?"

"Zimachitika," anatero mlamu.

"Ndinaonera ndi mnyamata wina wake," anapitiriza Tsabola. "Kondakitala wa basi. Analira mpaka kundibwereka mpango."

Kondakitala!

"Nanga inatha bwanji?" anafunsa mlongo wanga.

"Mosavuta. Chikwangwani chija chinamugweranso kachiwiri, basi nzeru zonse n'kubwerera. Anakumbuka mtsikanayo, ukwati, anthu kuvina. Yatha."

Maloboti anayaka obiriwira.

"Bodza!" Mawuwo anatuluka okha. "Sanakumbuke! Ubwino wonse wa filimuyo ndi womwewo! Sanakumbuke mpaka kumapeto, anangomukondanso kachiwiri ngati mlendo, ndipo anapita kwawo kukamuyeza chifuwa n'kupeza mabotolo onse osatsegula! Ndiponso sanali kondakitala, ndinali ine, ndipo sindinalire, m'holomo munali fumbi!"

Galimoto inadumpha ngati chule, n'kuzima. Buleki ya pamanja ndinali nditaitsitsa kale. Tinayamba kutsetsereka chambuyo, lole ikuliza hutala ngati ng'ombe yolusa. Tsabola, osatembenuka n'komwe, anaponda buleki yake. Tinaima.

Kumbuyo kunamveka kulira kwa chimwemwe.

"Wakumbuka! Ambuye, wakumbuka! Panjira ya kumanda a mayi! Bambo a m'nyumba, mwamva? Mutu watseguka!"

Owerenga, khomo linali limenelo, lotsegula mbali zonse. Ndikanangogwira mutu, n'kunena kuti kugwedezeka kwa galimoto kwandibwezera zonse. Mlongo wanga akanakachitira umboni kutchalitchi. Azakhali akanaphika. Chikwangwani chachiwiri chinali chitandigwera mwaulere, monga mmene Tsabola anamalizira filimu yake yabodza ija.

Ndinamuyang'ana. Sankaseka. Dzanja lake linali pafupi ndi chiwongolero, osachigwira.

"Achemwali," ndinatero, ndikuyang'ana pagalasi loonera kumbuyo chifukwa kutembenuka sindikanatha. "Sindinakumbuke lero. Sindinaiwalepo. Palibe chinandigwera. Ndinalephera mayeso, ndinachita manyazi, ndinakhala chete. Za maliro a mayi ndinaziwerenga pa intaneti, ndipo sindinabwere."

Lole inatizungulira, dalaivala wake akutitukwana mpaka makolo.

Mlongo wanga anatsegula chitseko. Anatuluka ndi maluwa ake, anazungulira mpaka pazenera langa.

"Ndinakuonetsa mpope wa madzi otentha," anatero. Chikwama chake chinandipeza pakhutu lamanja. Kenako anauyamba wapansi kukwera chitunda, msana uli chilili ngati wa mayi.

Mlamu anatsika kumutsatira. Ndinamugwira mkono.

"Alamu, pepani, ndaononga nkhani yanu ija."

"Nkhani yanga iti?"

"Ya chikwangwani. Si munanditsinzinira tsiku lija?"

"Diso ili? Linayamba kalekale, adokotala akuti ndi misempha." Linatsinzinanso. "Ine ndinkakhulupirira, alamu. Ndinkauza anzanga kuntchito."

6

Tinatsala awiri. Tsabola anandiuza kuti ndiyimike galimoto pambali, pansi pa chikwangwani chachikulu chotsatsa sopo. Ndinachiyang'ana mokayika.

"Usaope, n'chomangidwa bwino," anatero. Aka kanali koyamba kunditchula kuti iwe.

"Unadziwa liti?"

"Kudziwa chiyani? Kuti sunaiwale? Pulofesa, mabuku onse aja unawerenga, sunadzifunse kuti mayi ako, amene sanapondepo m'holo ya kanema moyo wawo wonse, nkhani ya chikwangwani anaitenga kuti?"

Tsabola anapitiriza.

"Makalata ako atasiya kubwera, ndinkapita kukawaona. Ndinkawapeza pageti, atakhala pampando, akuyang'ana kumsewu. Anasiya kudya bwino. Funso lawo linali limodzi: 'Kodi mwanayu ndinamulakwira chiyani?' Ankafufuza zonse, tsiku limene anakumenya chifukwa cha nsapato, tsiku limene sanabwere kusukulu pa mphotho zako. Ine ndinali ndi mkwiyo wanga, koma mkwiyo umadyetsa. Iwo analibe mkwiyo, ankangodziweruza. Ndiye tsiku lina ndinawauza kuti mnzako wa kusukulu waimba foni kuntchito kwanga. Pakamwa panga panatuluka filimu ija, chifukwa ndi yomaliza imene ndinaonera ndi iwe, ndipo ndinalibe nthawi yopeka ina."

"Anakhulupirira?"

"Madzulo omwewo anadya. Funso lija sanalifunsenso. Anayamba kunena kuti, 'Mwana wanga akudwala, koma adzakumbuka njira.' Anamwalira akukudikira, osati akudzizenga mlandu. Sindinachitire iwe, usadzinamize."

M'galimotomo munalibe fumbi, koma anandibwereka mpango.

"Nanga makutu? Tambala? Nyali za basi?"

"Ndinkafuna ndione kuti munthu angapirire mpaka pati. Ndinanyoza makutu ako, chete. Ndinanyoza nzeru zako, chete. Ndinati sindinakukondepo, chete! Koma kungolakwitsa mathero a filimu, wafuna kutipha tonse ndi lole." Anapukusa mutu. "Sunasinthe. Zinali nyenyezi ziwiri zosochera masana. Liza injini, mayi ako akudikira."

Tinapeza mlongo wanga atagwada pamanda, akuzula udzu. Tsabola anagwada pambali pake n'kumuuza zonse yekha, ine nditaima patali ngati mlonda. Ndinaona mapewa a mlongo wanga akugwedezeka. Sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka, ndipo mpaka lero sanandiuze. Atatha anandikodola.

"Bwera kuno. Uwauze wekha. Ndipo usawauze ngati utsi."

Mawu opepesa a m'ndege aja anali atathawa onse. Ndinanena ena, osasalala.

7

Mlongo wanga anakhala milungu ingapo akundipatsa tiyi wopanda shuga. Masiku ano amandilankhula, makamaka pondituma. Akuti woiwala uja anali mlendo, koma wokumbukayu akudziwa pamene pamakhala tsache. Azakhali anabweza mawu awo oti ndinali mwana wapamtima. Mlamu yekha ndi amene anakhumudwa kwenikweni, poti kuntchito kwake nkhani yanga inali itamupatsa ulemu.

Inu amene muli kutali, amene mwakhala chete mpaka mukuona ngati kuchedwa kwakula kuposa kupepesa, ndilibe nzeru zambiri zokupatsani. Ndinabwera ndikulira mtengo wa pamphambano ndi holo ya kanema, ndikunyoza tauni kuti yaiwala zakale, pamene ine ndinali nditakhala pabodza limene munthu wina analipeka kuti mayi anga adye. Kwanu kuli wina amene akukusungirani malo ndi nkhani yoti si yoona, ndipo akutopa nayo. Pitani mukamulandire katunduyo. Mudzamenyedwa ndi chikwama, koma khutu limapola.

Za tiyi uja, tinamwa ndi Tsabola. Mawu amene anali nawo anatenga masana onse, tiyi anazizira, ine osayankha kanthu koma kuvomera. Sananene kuti wandikhululukira. Ananena kuti Lachiwiri ndisachedwe.

Kunyamuka pachitunda ndimatha tsopano, ngakhale kumbuyo kuli lole. Kubwerera chambuyo ndimatha, kuimika pakati pa galimoto ziwiri ndimatha. Mlongo wanga amafunsa kuti kodi mayeso a galimoto ndikalemba liti, poti ana amene ndinayamba nawo akuyendetsa kale. Ine sindinapemphe tsiku, mphunzitsi wanganso sanalitchule. Lachiwiri lililonse kagalimoto koyera kamaima pageti, ine n'kutuluka nditavala malaya ositasita, ngati mtsikana uja wogula mankhwala a chifuwa alibe chifuwa.

"Lero tiphunzira chiyani, Tsabola?"

"Yendetsa, ndione ngati unachita dala."

Chiwongolero amandisiyira. Buleki ili kumbali yake.